Boti la Josiah pa Fumbi la Kasanda

Tsiku limene Derrick Chisanga anamupatsa moni waulemu, Josiah Njobvu anachita mantha mpaka tiyi anamukanika kumeza.

"Mwauka bwanji, ba Njobvu?" anatero Derrick ali pampando wake pakhonde, bulangete lili pamaondo, mawu akutulukira mbali imodzi ya kamwa.

Josiah anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwake kuli a Njobvu ena. Kunali mtengo wa mapapaya wokha.

"Ukamba na ine?"

"Na imwe, mukwai. Mwagona bwino?"

Mlendo akhoza kudabwa kuti choopsa n'chiyani pa moni wabwino chotere. Mlendoyo sadziwa chimbuya. M'bemba ndi munthu wa kum'mawa amatchulana mbuya. Amati makolo awo anamenyana kalekale, atatopa nayo nkhondo anagwirizana kuti azimenyana ndi pakamwa pokha. Choncho M'bemba akakumana ndi wa kum'mawa amamunena kuti ndi mbewa chifukwa cha zimene amadya, winayo n'kubweza kuti kolwe, ndiye kuti pusi, pa chifukwa chomwecho. Palibe kukwiya, palibe mlandu. Amene wakwiya ndiye wagonja.

Josiah, mwana wa anthu a ku Petauke, anakalamba akuyendetsa sitima. Derrick, M'bemba wa pakamwa ngati lumo, ankakonza makina ku mgodi mpaka tsiku limene unatsekedwa. Nyumba zawo ku Kasanda, m'tauni ya Kabwe, zinalekana ndi mpanda wa bango wokha, ndipo pa mpanda umenewo panadutsa matukwano okwana kudzaza ngolo zonse zimene Josiah anakokapo. Derrick anamangirirapo mbewa youma pa chipewa cha mnzake popita ku Misa, Josiah n'kufika nayo mpaka pamzere wa Ukaristiya. Josiah naye anauzapo ana a sukulu kuti kunyumba ya Derrick kuli pusi wolankhula, ana n'kudzadza pageti atanyamula nthochi. Ndipo Tryness, mkazi wa Josiah, atamwalira, anthu onse akulankhula monong'ona, Derrick ndi amene analowa ndi ufa m'manja, kumupaka wamasiyeyo nkhope yonse mbuu, n'kulengeza kuti mayiyo wapirira mokwanira, wathawa fungo la mbewa. Josiah anaseka misozi ikuchita mizere mu ufawo. Tsiku limenelo ndi limene anayambanso kudya.

Ndiye Pasaka itangodutsa, sitiroko inamugwetsa Derrick akutsuka njinga. Anabwera kuchokera ku chipatala dzanja lamanzere lili lende, mwendo ukukokedwa, kamwa litapendama. Zonsezo Josiah akanazipirira. Chimene sanathe kupirira ndi ulemuwo.

Anayesa nthochi. Anaziika pambale, kuzitengera pakhonde paja.

"Nakubweletsela chakudya cha mutundu wako."

"Zikomo, ba Njobvu. Lesa amudaliseni."

Anayesa kudutsa ndi mpani wa mbewa, kuziyendetsa pafupi ndi mphuno yake. Derrick anangoti zikuoneka zonona, mudye bwino. Josiah anakazitaya mbewazo kwa galu, njala itamuthera.

Christabel, mkazi wa Derrick, anamupeza pampanda madzulo ena akuchotsa zovala pa chingwe.

"Bashi Lorraine, munzanu afuna kutisiya," anatero mayiyo motsitsa mawu, akumuitana Josiah ndi dzina la mwana wake wamkazi. "Ndodo akana. Vimene banamuuza ku chipatala ati azichita na kwanja, akana. Akamba ati ndine katundu chabe. Nikamukalipila, ati zikomo. Ine zikomo nizaichita chani?"

Josiah anadziwa chinthu chimodzi, kuti mbuya wake akapanda kumutukwananso, mvula ikubwerayi sadzaiona.

Nzeru inamupeza ku manyowa. Anapita ku famu ina ya m'njira ya ku damu la Mulungushi kukagula zitosi za nkhuku zothira m'dimba, ndipo kuseri kwa shedi anaona boti litakhala pa ngolo yake ya mawilo awiri. Linali loyera kale, tsopano linali la mtundu wa fumbi. Mlongoti wake unagona pambali, ndipo m'kati nkhuku zinali zitatsegulamo chipatala cha amayi oyembekezera. Mwini famu, mayi Susan, anali wamasiye amene ankagulitsa zonse kuti akakhale ndi ana ake kutali.

Josiah anaima pamenepo akumwetulira ngati wotola chikwama. Anakumbukira kuti pa zonse zimene Derrick ankadzitama nazo, yoposa inali ya madzi. Ife a ku nyanja ya Bangweulu timabadwira m'bwato, ankatero, timayamba kupalasa tisanamere mano, pamene inu a ku Petauke mukaona chithaphwi mumaitana ansembe. Kodi munthu wotero angapirire kuona mbewa ikuseweretsa boti pamaso pake?

Mayi Susan anali munthu wachilungamo, mwina mopitirira. Anamuuza kuti thupi la boti ndi labwino, thanga lalikulu ndi labwino, koma chitsulo chimene chinkapinda thangalo chinadyedwa ndi dzimbiri ndipo anachitaya.

"Kukweza thanga si nkhani, bambo, mumangokoka chingwe," anatero. "Nkhani ndi kulitsitsa. Likamatsika mphepo ili mkati, limakhala ngati chinsalu chamisala. Musanapite pamadzi musankhe njira yoligwirira."

Anamuuzanso kuti iye ndi malemu mwamuna wake, asanagule chitsulo chija, ankachita ndi manja: mmodzi kugwira chiwongolero kuti boti liyang'ane kumene mphepo ikuchokera, wina kusonkhanitsa thanga n'kulimanga ndi tizingwe pa mtanda wake wa m'munsi. Mayiyo anati njira imeneyo ndi imene inatsala pang'ono kuthetsa banja lawo. Atanena zimenezo anasisita m'mphepete mwa botilo.

Kapenshoni ka Josiah kanalira, koma kanatuluka. Boti linalowa m'tauni ya Kabwe likukokedwa ndi galimoto ya makala, ndipo tauni imene ilibe nyanja inasiya ntchito zake kuti ione. Ogulitsa tomato anaimirira. Oitanira minibasi anafunsa ngati mdala wamva za chigumula zimene boma likubisa. Pofika ku Kasanda, Josiah anakana malo onse abwino a pabwalo pake, n'kulamula kuti ngolo iime kumtunda, moyang'anizana ndi khonde la Derrick. Amuna a m'mbali anathandiza kudzutsa mlongoti, ndipo unatalika kuposa mtengo wa mapapaya uja.

Derrick anayang'ana zonsezi ndi diso limodzi lotseguka bwino.

"Mwagula chintu chabwino, ba Njobvu," anatero.

Josiah analuma mlomo. Anadziuza kuti nyama yaikulu sigwa ndi muvi umodzi.

Loweruka lotsatira anaitanitsa msonkhano wosankha njira yotsitsira thanga. Lorraine, mwana wake wamkazi, anabwera kuchokera ku Lusaka atamva kuti bambo ake apenga. Anabweranso Cynthia, mayi wosoka matenti a maliro ndi malona a malole ku Katondo, amene sanaonepo nsalu yomuopsa. Josiah anaika tebulo mogundana ndi mpanda wa bango, ndipo ankalankhula ngati onse ndi ogontha.

Lorraine anayamba ndi kukalipa, n'kupitiriza ndi kulira pang'ono, kenako anatulutsa foni, chifukwa anali mwana wa bambo ake ndipo anali atafufuza kale zonse m'basi.

"Badadi, ngati mwakana kuigulisa, onani apa. Iyi ni ya kupomba. Muzungulusa chabe ka hando, thanga izipomba yeka pa chisulo. Simuimilila olo pang'ono, munkala chabe pansi monga bwana. Nizaitanisa ku Sauzi. Muntu umozi akwanisa."

"Nanga ikagwila dzimbili monga ija yakale?" anafunsa Cynthia, amene sankafuna kuti ntchito ipite kunja kwa dziko iye alipo. "Batate, mvelani ine. Timanga ntambo kuchokela pamwamba pa mulongoti kufika pa mutanda, uku na uku. Pansi nisoka chola chitali. Mukamasula, thanga igwela pakati pa ntambo, ingena mu chola monga nkuku mu kola. Mwavala zipi, mwasiliza. Naonapo pa foni, sivovuta."

"Nayo ni ya muntu umozi?" anafunsa Josiah.

"Umozi, batate. Olo wamene alibe nzelu maningi."

Josiah anagwedeza mutu ngati woweruza milandu. Kenako anakweza mawu kuposa kale.

"Manje niuzeni, buleki ya boti ili kuti?"

Lorraine anatseka maso. Cynthia anati ilibe.

"Ilibe buleki? Nanga pa siteshoni niimilila bwanji? Nanga huta? Nikakumana na mvuu niiuza bwanji ati choka mu njanji?"

Anaponya diso pa kampata ka m'bango. Bulangete la Derrick linagwedezeka pang'ono. Mtima wa Josiah unadumpha. Anawonjezera nkhuni: anati thanga aliika chozondoka kuti lizikola mvula yakumwa, anati chiwongolero achimangirira kutsogolo ngati cha galimoto. Anthu odutsa mu msewu anaima n'kumaseka. Pamapeto pake analephera kudzigwira.

"Iwe mbuya, iwe wa ku Bangweulu, tisanke iti?"

Mawu anabwera kuchokera pakhonde paja, ofatsa ngati a katekisiti.

"Sankani yamene mwana wanu akamba, ba Njobvu. Ya muntu umozi. Izakusungani bwino."

Josiah anakhala pansi. Mawu amenewo anamulasa kuposa chitukwano chilichonse chimene anamvapo, chifukwa anamva chimene chinali kuseri kwake. Mnzakeyo ankamutsanzika. Lorraine anabwerera ku Lusaka atanena kuti akudikira yankho, Cynthia anayeza mtanda ndi tepi mwa kungoyembekezera, ndipo Josiah sanasankhe kanthu. Iye sanali wopusa. Ankadziwa kuti kwa nkhalamba ya maondo olira ngati ake, chopomba chija ndicho chanzeru, ndipo chola cha Cynthia ndicho chachiwiri. Koma kuvomera chimodzi mwa ziwirizo kunali kuvomera kuti m'botimo adzakhalamo yekha, ndipo zimenezo mtima wake unakana.

Unali mwezi wa Ogasiti, pamene mphepo ya ku Kasanda imanyamula fumbi la pa chimulu cha mgodi n'kuligawa m'nyumba zonse mosakondera. Amayi amatseka mawindo, kuvundikira madzi, kuitana ana kuti alowe. Masana ena otero, Josiah anaganiza kuti mawu alephera, tsopano mbuya aone ndi maso. Anaika njerwa kutsogolo kwa mawilo a ngolo, anavala chipewa chake cha ku njanji, n'kukwera m'boti.

Ulendo woyamba zinayenda monga anakonzera. Anakoka chingwe, thanga linakwera theka, analisiya dala, ndipo linamugwera pamutu. Anavinavina m'kati mwake akukuwa kuti wachita khungu. Atasuzumira, Derrick anali akuyang'ana, koma kamwa lili chitsekere.

Ulendo wachiwiri Josiah anapsa mtima n'kukoka mpaka pamwamba. Thanga linatambasuka lonse, loyera, lalitali, likuwomba ngati mfuti. Mtanda unayamba kumenya uku ndi uku. Apa ndi pamene njanji inamupusitsa. Moyo wake wonse anaphunzitsidwa kuti chinthu chogwedera ndi ngozi, ndipo chikagwedera umachimanga. Munthu wa pamadzi akanamasula chingwe cha mtanda kuti mphepo idutse. Josiah anachikoka ndi mphamvu zake zonse, kuchikulunga pa chitsulo, n'kumanga mfundo imene ikanagwira ngolo ya malasha.

Thanga linasiya phokoso. Linatupa bwinobwino, mokongola. Josiah anali atangoyamba kunyadira pamene anamva njerwa zikuphwanyika pansi pake.

Boti linanyamuka. Silinathamange kwenikweni, linkayenda mwaulemu ngati mkwatibwi, koma pabwalopo panali potsetsereka ndipo mphepo inali kumbuyo. Josiah anapondaponda pansi kufuna buleki imene anauzidwa kale kuti kulibe. Linadutsa pa bedi la repu, linathyola mpanda wa bango ngati ukonde wa kangaude, linagwetsa ndowa ya Christabel, n'kulunjika pakhonde pamene panali munthu wosatha kuthawa.

"Derrick! Choka!" anakuwa Josiah, ndipo apa sankachitanso sewero.

Mfundo yake ya ku njanji inakana kumasuka. Anagwira chingwe china chija chokwezera, kuchimasula, ndipo nthawi yomweyo mawilo anagunda sitepe ya khonde. Boti linaima. Josiah anagwa chagada. Thanga lonse linatsika ngati denga lakugwa n'kukwirira khonde, mpando ndi Derrick yemwe.

Christabel anatuluka ndi mthiko m'manja akulira mayina a oyera onse. Anthu anathamangira pampanda wothyokawo. Pansi pa thanga panali chimulu chooneka ngati munthu, ndipo sichinkagwedezeka.

Josiah anatsika m'boti. Ananyamula m'mphepete mwa nsaluyo n'kukwawira m'kati. Munali kuwala koyera ndi fungo la zitosi za nkhuku. Derrick anali chikhalire pampando wake, thanga litamukhala pamutu ngati chitenje, maso ali tong'o. Sanavulale paliponse.

Josiah anagwada n'kumugwira bondo.

"Ba Chisanga, pepani. Pepani maningi. Mwapweteka? Nikululukileni, ba Chisanga."

Derrick anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Waona," anatero pang'onopang'ono. "Wayambanso."

"Nayamba chani?"

"Ba Chisanga. Ku chipatala unabwela na maolenji. Unavula chisote. Unagwada so, monga apa. Ati ba Chisanga, mumvela bwanji." Anapuma, chifukwa mawu ankamulemera. "Dokota ananiuza ati nizapola. Ba Fada bananiuza ati nizapola. Koma pamene mbuya wanga ananiitana ati ba Chisanga, ninaziba ati nafa."

Josiah anakumbukira tsikulo. Anakumbukira mmene anaonera mnzake ali gone, malovu akutsika pa tsaya, ndi mmene chisoni chinamugwirira mpaka anaiwala kuti iye ndi ndani kwa munthuyo. Miyezi yonseyi ankadandaula kuti Derrick wamupatsa ulemu, osadziwa kuti ankangomubwezera wake womwe.

"Koma ninakubweletsela ntochi," anatero mofooka.

"Pa mbale," anatero Derrick. "Na ka nsalu pamwamba. Ntochi uponyela kolwe, siumupasa pa mbale. Unaniyangana kumaso? Kamwa yanga yapita ku kutu, iwe osakambapo olo kamozi. Bonse baniyangana na chifundo. Nenze kuyembekeza iwe."

Josiah anachita manyazi aakulu, ndipo pamodzi ndi manyaziwo anamva mantha, chifukwa anazindikira chimene ankapemphedwa. Kuseka munthu wathanzi n'kosavuta. Apa anayenera kuyang'ana kamwa lopendamalo, dzanja lakufalo, n'kuziseka pamaso pa mwini wake. Kunja Christabel ankafunsa ngati ali moyo. Josiah anadzuka pa maondo, anakhala pansi bwinobwino, n'kubwezera chipewa kumutu.

"Nenze kukumvelela chifundo zoona," anayamba, mawu akunjenjemera. "Koma osati iwe. Nenze kumvelela chifundo sitiloko. Inabwela na njala, yakuluma hafu, yamvela kununka, yakulavula. Olo imfa siidya kolwe."

Diso labwino la Derrick linaphethira.

"Na kamwa iyo, siinapendame na matenda. Yalema na boza. Zaka zonse izi inyamula Bangweulu, Bangweulu, manje yatyoka msana." Josiah anamva mawu ake akulimba, ngati sitima ikamachoka pa siteshoni. "Iwe unabadwila mu komboni ya mugodi, kuseli kwa bala. Bamai bako banauza bamai banga. Ku Bangweulu unapitako kamozi, pa malilo, bana bang'ono banakukweza mu bwato, unalila mpaka banakubweza pa mutunda. Manzi yamene uziba iwe ni ya mu beseni, nayo Christabel achita kukukankila!"

Josiah anaganiza kuti wapitirira malire.

Kenako phewa la Derrick linayamba kugwedezeka. Kunatuluka kaphokoso ngati pampu youma, kenako chikhakhali chenicheni, chopendama, chamalovu, chimene chinamugwedeza mpaka mpando unalira.

"Unaziba?" anafunsa akupukuta m'maso ndi dzanja lamanja.

"Kuchokela tili banyamata."

"Nanga unali kuisungila chani?"

"Malilo yako. Nenze kufuna kuikamba pa manda, bantu bonse bamvele."

"Chipuba!" anakuwa Derrick, ndipo Josiah sanamvepo nyimbo yokoma ngati liwu limenelo lomutchula chitsiru. "Waononga! Manje pa malilo yanga uzakamba chani?"

"Nizasakila ina. So usafulumile, nipase ntawi."

"We mbeba we! Mbeba yagula boti mu tauni mulibe olo mumana! Wayendesa sitima zaka zonse, lelo wagunda nyumba yoimilila! Bamene banakupasa penshoni bafunika kumangiwa!"

Anthu a panja anamva matukwano ndi kuseka zikutuluka pansi pa nsalu, ndipo anayang'anana. Christabel anakhala pa ndowa yake yophwanyika n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Amene sankamudziwa anaganiza kuti akulirira ndowayo.

Amuna aja anathandiza kukoka thanga n'kuliyala pabwalo, kenako anakankhira boti kumbuyo pang'ono. Derrick anatulukira tsitsi lili ndi nthenga za nkhuku, akulamula aliyense. Anati botilo lisachoke pabwalo pake, lagwidwa chifukwa cholowa m'dziko la eni popanda chilolezo. Anaitanitsa ndodo ija ankaikana, ati akufuna kuona bwino zimene mbewa yawononga. Anaimirira movutika, Josiah osamugwira ngakhale manja ankamuyabwa, ndipo anatsika sitepe akutukwana sitepeyo, ndodoyo ndi anthu onse a ku Petauke.

Anaima pambali pa thanga. Mphepo inkalinyamula m'makona, kufuna kupita nalo ku chimulu cha mgodi.

"Manje wasanka iti?" anafunsa. "Ya mwana wako olo ya chola?"

"Ya manja."

"Ndiwe wofunta. Ija ni ya bantu babili."

"Niziba."

Derrick anayang'ana kumbali. Atalankhulanso, mawu anali otsika, oti amve Josiah yekha.

"Nili na kwanja kumozi, mbuya. Na manzi niyopa zoona."

"Chiwongolelo chifuna kwanja kumozi. Manzi naine niyopa. Tizamila pamozi, bazatiseka bonse babili." Josiah anawerama n'kugwira kona ya thanga. "Gwila uko, tipete. Olo ufuna nikuitanile bana ba sukulu bakutandize?"

Derrick anakhala pa sitepe, anagwira kona inayo ndi dzanja lamanja, ndipo anayamba kupinda. Sizinayende. Akapinda mbali ino, mphepo inkafunyulula mbali iyo, ndipo manja atatu sankakwana. Anakangana za amene akulakwitsa, anayambiranso, mphepo inafunyululanso.

"Pafunika mwala apa," anatero Derrick. "Christabel, leta mwala!"

"Mwala wa chani?" anatero Josiah. "Uli nao. Icho chikwanja chako chigona chabe, chidya nshima ya mahala. Chiike apo chigwileko nchito."

Christabel anaima ndi mwala m'manja. Derrick anayang'ana dzanja lake lamanzere, limene kuyambira Pasaka ankalibisa pansi pa bulangete. Analigwira pamkono ndi lamanja, kulinyamula, n'kuliika pa mpindo wa thanga. Mphepo inabwera, inayesa, nsalu sinasunthe.

Josiah analira. Sanabise, sananamizire fumbi, misozi inangotsika iye akupinda mbali yake.

"Ulila chani, mbeba?" anatero Derrick. "Donsa uko, yapendama."

Josiah anakoka, ndipo anapitiriza kupinda.